Kusankha Mipando ya Sofa Yoyenera Pabalaza: Phunziro kwa Anthu a ku Mlare

Chaka chilichonse mpunga ukachoka m'munda, m'miyezi ya Juni ndi Julayi, pamsewu wa M1 pamadutsa katundu amene saoneka kawirikawiri m'miyezi ina. Malole ndi ngolo zimafika pa Mlare zitasenza malata, matumba a simenti ndiponso mipando ya sofa yokutidwa ndi mapepala apulasitiki. Zimenezi n'zokondweretsa, chifukwa zimasonyeza kuti thukuta la mlimi lalowa m'nyumba. Pabalaza ndi pamene timalandirira apongozi, ankhoswe, akuluakulu a mpingo ngakhalenso amfumu, choncho banja limene likufuna kukhazika alendo ake pabwino silikulakwitsa.

Komabe ambiri a ife tinaonapo mipando imene inalowa m'mudzi ikunyezimira, ana akuithamangira, koma mvula isanagwe kawiri inali itaphwa pakati, nsalu itasenda, mwendo umodzi utachirikizidwa ndi njerwa. Ndalama ya mpunga, ya ng'ombe kapena ya usipa imene inagula mipandoyo siibwerera, ndipo mabanja ena amakhala akubwezabe ngongole mipando itatayidwa kale kuseri kwa nyumba. Akuluakulu anati chikomekome cha mkuyu m'kati muli nyerere. Mwambiwu ukugwirizana kwambiri ndi mipando ya sofa, popeza chimene maso amaona ndi nsalu yokha, pamene moyo wa mpando uli m'zinthu zimene nsaluyo yabisa: matabwa, malumikizidwe ake ndi siponji. Phunziro lino likufotokoza mmene mungaonere zobisikazo musanapereke ndalama, ndi mmene mungasankhire mipando yogwirizana ndi nyumba yanu, nyengo ya kuno kunyanja ndi thumba lanu.

Yambani ndi kuyeza nyumba yanu

Ulendo wokagula mipando uyambire pabalaza panu. Tengani tepi yoyezera, kapena chingwe ngati tepi palibe, muyeze m'litali ndi m'lifupi mwa chipinda, kenaka mulembe papepala. Lembaninso pamene pali zitseko ndi mazenera. Mpando wokhala anthu atatu nthawi zambiri umatalika masentimita 180 mpaka 220, ndipo kuchokera kutsogolo kufika kumbuyo umatenga masentimita 80 mpaka 95. Mipando yonse ya seti, kutanthauza wa anthu atatu, wa anthu awiri ndi wa munthu mmodzi, imafuna malo aakulu kuposa mmene imaonekera ikakhala panja pa shopu ya mmisiri, pamene palibe makoma oipanikiza.

Njira yosavuta yodziwira ngati mipando idzakwana ndi iyi: jambulani ndi choko kapena khala pansi pabalaza malo amene mpando uliwonse udzakhale, kenaka yendani m'chipindamo monga mwa masiku onse. Pakati pa mpando ndi tebulo pazitsala masentimita pafupifupi 40, ndipo njira yodutsa munthu atanyamula beseni la madzi osamba m'manja isachepere masentimita 70. Ngati chipinda ndi cha mamita atatu mbali zonse, seti yathunthu idzachidzaza mpaka mwana kusowa podutsa. M'chipinda chotero mpando umodzi wa anthu atatu ndi mipando iwiri yopepuka n'zokwanira.

Musaiwale khomo. Zitseko zambiri zogula m'masitolo n'zotambalala masentimita pafupifupi 81, ndipo makomo a nyumba zina za kumudzi ndi aang'ono kuposa pamenepo. Zachitikapo kuti mipando yafika pakhomo n'kukana kulowa, eni ake n'kuyamba kugumula felemu ya chitseko. Kumbukiraninso kuti mpando umene walowa udzafunika kutuluka. Pamwambo wathu, maliro akagwa, katundu wa pabalaza amatulutsidwa kuti amayi apeze malo okhala. Pa chinkhoswe ndi pa ukwati mipando imapita pabwalo kukakhazika alendo olemekezeka. Mpando umene ukufuna amuna asanu ndi mmodzi kuti ausunthe udzakusautsani pa tsiku limene simukufuna zosautsa zina.

Ganizirani amene adzakhalepo

Mpando wabwino ndi umene munthu amakhala mapazi ake atafika pansi, msana utatsamira, ndipo amadzuka popanda kukokedwa. Pokhalira pazitalika masentimita 42 mpaka 46 kuchokera pansi, ndipo kuchokera kutsogolo kwa khushoni kufika potsamira pazikhala masentimita 50 mpaka 55. Masofa ena amakono ndi aafupi kwambiri ndiponso olowa m'kati. Achinyamata amawakonda, koma agogo amene akumva mawondo, mayi woyembekezera kapena munthu wodwala msana akamiramo amavutika kudzuka. Ngati m'nyumba mwanu muli okalamba, sankhani mpando wokwera pang'ono, wa khushoni yolimba, wokhala ndi manja olimba ogwira podzuka.

Popita kukasankha, bambo ndi mayi apite limodzi, pakuti ndalamayo ndi ya banja ndipo amene adzasese pansi pa mpandowo ndi kuchapa nsalu zake ali ndi maganizo ofunika kumvedwa. Khalani pampandopo mphindi zingapo monga mmene mungakhalire kwanu. Musachite manyazi pamaso pa wogulitsa, chifukwa mbewa ya manyazi inafera kuuna.

Matabwa ndiwo mafupa a mpando

Funso loyamba kwa mmisiri likhale lakuti: kodi m'katimu mwaikamo matabwa a mtengo wanji? Mitengo imene amisiri a dziko lino amagwiritsa ntchito kawirikawiri ndi paini, malaina, bulugamu, mbawa ndi mlombwa. Paini wambiri wa m'chigawo cha kumpoto amachokera kunkhalango ya Chikangawa. Ndi wopepuka, wosavuta kupala ndipo mtengo wake ndi wotsikirapo, koma ndi wofewa ndipo chiswe chimamukonda, choncho amafuna kupakidwa mankhwala oteteza matabwa. Malaina nawonso ndi opepuka, ndipo akauma bwino sapindika msanga. Bulugamu ndi wolimba ndiponso wolemera, koma akachekedwa n'kugwiritsidwa ntchito asanaume amang'aluka ndi kupotoka. Mlombwa ndi mbawa ndiyo mitengo yotchuka pa mipando yokhalitsa. Ngakhale zili choncho, mbali yoyera ya kunja kwa mlombwa imafumbwa msanga, ndipo yolimba ndi mbali yofiirira ya m'kati.

Chinthu chofunika kuposa dzina la mtengo ndi kuuma kwa thabwa. Thabwa longocheka kumene limakhala ndi madzi ambiri, ndipo likamauma limafota. Mmisiri akapanga mpando ndi thabwa laliwisi, thabwalo limaumira m'nyumba mwanu: misomali imakhwepa, molumikizira mumatseguka, mpando n'kuyamba kulira munthu akakhalapo. Thabwa laliwisi limazizira mukaligwira, limalemera kuposa linzake la msinkhu womwewo, ndipo mukaligogoda silimveka bwino. Mmisiri wodalirika amakhala ndi matabwa osanjikidwa pamthunzi, atalekanitsidwa ndi timitengo kuti mphepo izidutsa, ndipo amakhala pamenepo miyezi ingapo asanawagwiritse ntchito.

N'chifukwa chake kupangitsa mipando kwa mmisiri wa pafupi kuli ndi ubwino umene kugula yopangidwa kale kulibe. Mukhoza kupempha kuti akuitaneni mudzaone felemu isanakutidwe. Pamenepo mudzaona ngati waikamo matabwa athunthu kapena zidutswa za makatoni ndi timatabwa ta mabokosi. Mudzaonanso ngati muli timabowo ting'onoting'ono totulutsa ufa, chizindikiro chakuti tizilombo tofumbwa matabwa talowa kale. Mmisiri amene akukana kuti muone felemu, pali chimene akubisa. Boma lathu la Karonga lili ndi achinyamata ophunzira ntchito zamanja, ena mwa iwo odutsa m'makoleji monga ya Ngara, imene inatsegulidwa m'chaka cha 2015, ndipo ndalama imene mwalipira mmisiri wa kuno imazungulira kuno komwe.

Funsaninso kumene matabwawo achokera. Lamulo la za nkhalango la m'chaka cha 1997, limene linakonzedwanso mu 2020, limaletsa kudula mitengo m'nkhalango zotetezedwa popanda chilolezo, ndipo m'boma lino tili ndi nkhalango zotero monga Vinthukutu ndi South Karonga Escarpment. Mu Novembala 2022, pamsonkhano wa mayiko umene unachitikira ku Panama, mitengo ya mtundu wa mlombwa ndi mbawa ya mu Africa inaikidwa pamndandanda wa mitengo imene malonda ake pakati pa mayiko ayenera kuyang'aniridwa, chifukwa ikutha. Mapiri a kumadzulo kwathu akayera, madzi a mvula amatsika ndi liwiro n'kudzaononga minda yomweyo imene yatipatsa ndalama yogulira mipando. Mpando wa malaina kapena paini wouma bwino ndi wolumikizidwa mwaluso ungakutumikireni zaka zambiri popanda kugwetsa mlombwa wa m'phiri.

Malumikizidwe ndi mayeso amene mungachite nokha

Matabwa abwino akalumikizidwa ndi misomali yokha, mpando sukhalitsa. Malo olumikizira azikhala oti thabwa lina labooledwa, linzake lasongoledwa n'kulowetsedwamo, kenaka n'kumatidwa ndi guluu wa matabwa. M'makona muzikhala timatabwa tochirikiza, tomangidwa ndi masikuluwu. Miyendo yabwino ndi imene ili mbali ya felemu yeniyeniyo, osati yongokhomeredwa pansi pambuyo pake, popeza yotereyi ndi imene imayamba kuthyoka mpando ukamakokedwa posesa.

Ngati mpando ndi wokutidwa kale, chitani mayeso atatu. Poyamba, nyamulani mwendo umodzi wa kutsogolo mpaka utakwera masentimita pafupifupi 15. Mwendo winawo wa kutsogolo uyenera kunyamuka nawo. Ukatsalira pansi, ndiye kuti felemu ikupotoka ndipo ndi yofooka. Kachiwiri, gwirani dzanja la mpando ndi potsamira, mugwedeze mwamphamvu. Pasamveke kulira kapena kusuntha kulikonse. Kachitatu, pendeketsani mpandowo muone pansi pake. Amisiri ena amagwiritsa ntchito masipuling'i, ena malamba, ndipo ambiri amadula malamba a matayala akale. Malamba a matayala si oipa akakhala okokedwa bwino, olukidwa mopingasa ndiponso oyandikana. Akatalikirana moti dzanja lonse n'kulowa pakati, khushoni idzamira m'mipatamo.

Siponji iyesedwe pasikelo

Mipando yambiri imayamba kufa pa siponji. Siponji zonse zimaoneka zofanana zikakhala zatsopano, ndipo yotchipa ikhoza kumveka yolimba pa tsiku logula. Kusiyana kwake kuli pa kulemera. Opanga siponji amaiyeza poona makilogalamu amene chidutswa cha mita imodzi m'litali, m'lifupi ndi m'mwamba chimalemera. Siponji yokhalira munthu iyenera kukhala ya makilogalamu 28 kapena kuposerapo pa muyeso umenewu. Ya makilogalamu 16 kapena 18 ikhoza kugwira ntchito potsamira, koma pokhalira imaphwa m'miyezi yowerengeka.

Zimenezi mukhoza kuzitsimikiza ndi sikelo ya pamsika. Khushoni ya masentimita 55 m'litali, 55 m'lifupi ndi 10 kuchindikala, ikachotsedwa nsalu, imalemera magalamu pafupifupi 850 ngati siponji yake ndi ya 28. Ngati ndi ya 16 imalemera magalamu pafupifupi 480 okha. Ngakhale popanda sikelo, mukanyamula makhushoni awiri ofanana kukula, dzanja lidzakuuzani yolemera. Kanikizaninso khushoni ndi chibakera n'kuchotsa: siponji yabwino imabwerera nthawi yomweyo, ndipo simuyenera kumva thabwa pansi pake mukakhala. Kuchindikala kwa khushoni yokhalira kusachepere masentimita 10.

Pemphani makhushoni ochotseka, okhala ndi zipi. Ndi otere mungathe kuona zimene zili m'kati, chifukwa ena amaika siponji yopyapyala pamwamba, pansi n'kudzaza nyenyeswa ndi zigamba. Makhushoni ochotseka amatembenuzidwa kuti asathe mbali imodzi, amayanikidwa padzuwa, ndipo siponji ikatha mumangogula ina, felemu n'kukhala yomweyo.

Nsalu yogwirizana ndi nyengo ya kunyanja

Aliyense wa kuno amadziwa kutentha kwa Okotobala ndi Novembala, pamene ngakhale usiku munthu amagona thukuta lili kamukamu. Mpando umene ungakhale wabwino ku Mzuzu kapena ku Chikangawa, kumene kumazizira, sungakhale wabwino m'nyumba ya malata ya ku Mlare. Chikopa chapulasitiki, chimene ogulitsa ena amangochitcha chikopa, chimaoneka chapamwamba ndipo n'chosavuta kupukuta, koma sichidutsa mpweya. Chimamata pakhungu kukatentha, ndipo kutentha pamodzi ndi chinyezi zimachisendetsa ndi kuching'amba. Chikayamba kusenda palibe mankhwala ake. Nsalu yaubweya yonyezimira nayo imasunga kutentha ndi fumbi.

Yoyenera kuno ndi nsalu yolukidwa mothinana, yochindikala, yodutsa mpweya, yomwe ingavulidwe n'kuchapidwa. Iunikeni padzuwa: ikaonetsa kuwala kwambiri ndiye kuti ndi yopyapyala. Ikandeni ndi chikhadabo muone ngati ulusi ukusuntha. Pakani kansalu koyera konyowa pamalo obisika, muone ngati utoto ukutuluka, kuti mlendo wovala zoyera asadzachoke kwanu atathimbirira. Yang'ananinso misoko, makamaka m'makona. Panyumba ya ana aang'ono, mtundu wosakanikirana kapena woderapo umabisa madontho kuposa woyera. Ndipo mpando usakhale pamene dzuwa la pazenera limaomba tsiku lonse, popeza limafwifwitsa nsalu ndi kuumitsa siponji.

Chifukwa cha kutenthaku, musanyoze mipando ya manja a matabwa yokhala ndi makhushoni ochotseka, imene makolo athu ankagula. Imapita mphepo, ilibe pobisala tizilombo, ndipo imakonzeka mosavuta. Mipando yoluka ya nsungwi, imene amisiri a dziko lino amapanga ndi manja ndipo imagulitsidwa mpaka kunja kwa dziko, nayonso ndi yozizira, yopepuka ndiponso yotsika mtengo.

Madzi, chiswe ndi moto

Boma la Karonga limadziwika ndi madzi osefukira, makamaka chakumapeto kwa dzinja. Ambiri akukumbukira za mu Epulo 2011, pamene mtsinje wa North Rukuru unasefukira n'kulowa m'nyumba za anthu kuboma. Ngakhale kumene kulibe mtsinje waukulu, nyumba za m'malo otsika zimalowa madzi mvula ikalimbikira. Mpando umene nsalu yake yafika pansi umamwa madziwo ngati chinkhupule, siponji ya m'kati siiuma msanga, ndipo umayamba nkhungu ndi fungo. Sankhani wa miyendo yotalika masentimita 12 mpaka 15. Madzi ochepa adzadutsa pansi, tsache lidzalowa, ndipo mudzaona msanga chiswe chikayamba kumanga njira yake pamwendo. Ngati pansi panyumba panu ndi pozira, ikani miyendoyo pamiyala yafulati kapena pazidutswa za matailosi, ndipo musagundike mpando kukhoma. Siyani mpata wokwana chikhatho kuti mphepo izidutsa.

Ngozi ina imene ambiri saiganizira ndi moto. Siponji imayaka msanga ndipo utsi wake ndi wakupha. Pa 8 Meyi 1979, moto unabuka m'chipinda chogulitsiramo mipando m'sitolo ya Woolworths mumzinda wa Manchester ku England, ndipo anthu 10 anafa, ambiri chifukwa cha utsi wa siponji. Ngozi zotere zinachititsa dziko la Britain kukhazikitsa malamulo okhwima a mipando m'chaka cha 1988. Siponji imene ili m'mipando yathu ndi ya mtundu womwewo. Kandulo, koloboyi, mbaula ya makala ndi mankhwala ofukiza udzudzu zisayandikire mpando, ndipo kandulo isaikidwe padzanja la sofa ngakhale kwa kamphindi. Mpando usatsekenso khomo lotulukira.

Mipando yogwiritsidwapo kale ntchito

Mipando yogula kwa munthu amene akusamuka ikhoza kukhala yabwino ndi yotsika mtengo, makamaka ngati felemu yake ndi ya matabwa olimba. Choopsa chake ndi nsikidzi. Tizilomboti timabisala m'misoko, pansi pa makhushoni ndi m'ming'alu ya matabwa, ndipo tikhoza kukhala miyezi ingapo osadya kanthu. Mazira ake amaswa pakatha sabata imodzi kapena kuposerapo pang'ono, choncho mpando umene ukuoneka woyera lero ukhoza kudzaza nyumba mwezi wamawa. Unikani ndi tochi m'misoko yonse. Timadontho takuda ngati ta inki, timakoko touma ndi timazira toyera ndizo zizindikiro zake. Mukazipeza, usiyeni mpandowo ngakhale mtengo utatsika motani. Ngati nsikidzi zalowa kale m'nyumba, chapani nsalu ndi madzi otentha kwambiri ndipo funsani malangizo kwa alangizi a zaumoyo a m'dera lanu. Musathire mankhwala a thonje kapena a mbewu zina pampando, chifukwa ana amagonapo ndipo poizoni amalowa kudzera pakhungu ndi popuma.

Ndalama ndi mgwirizano

Mtengo weniweni wa mpando umadziwika poona zaka zimene udzakhale. Tiyerekeze kuti seti ina ikugulitsidwa K400,000 koma idzatha m'zaka ziwiri, pamene ina ndi ya K700,000 ndipo idzakhala zaka khumi. Yoyambayo ikukudyerani K200,000 pachaka, yachiwiriyo K70,000 yokha. Ziwerengerozi n'zongoyerekeza, koma mawerengedwe ake ndi amene muyenera kuchita ndi mitengo imene mwapeza. Onjezeranipo ndalama yonyamulira. Ngati mukugula kutsidya kwa malire a Songwe, ku Kyela kapena ku Mbeya, werengeraninso msonkho wa pachipata, ndipo dzifunseni kuti mpando ukathyoka mudzaubweza bwanji.

Mipando siibala ndalama, choncho kuigula ndi ngongole kumafuna kusamala. Tiyerekezenso kuti mwabwereka K500,000 kubanki m'khonde pa chiwongoladzanja cha K20 pa K100 iliyonse pamwezi. Mwezi uliwonse umene simunabweze mukuonjezera K100,000, ndipo pakatha miyezi itatu mwataya K300,000 imene ikanagula feteleza kapena kulipira fizi. Za katapila ndiye sitinena n'komwe. Musanagule mipando, patulani chakudya chofika kukolola kwina, mbewu, feteleza, fizi ndi ndalama ya matenda. Zikatsala zochepa, pangitsani mpando umodzi wa anthu atatu chaka chino, inayo chaka chamawa. Tsokonombwe anatha mtunda n'kudumpha.

Mukagwirizana ndi mmisiri, lembani papepala zinthu izi: mtundu wa matabwa, miyeso ya mpando, kulemera ndi kuchindikala kwa siponji, nsalu imene mwasankha, mtengo wonse, ndalama imene mwapereka ndi tsiku lodzatenga. Dulani kachidutswa ka nsaluyo musunge. Nonse awiri musaine pamaso pa mboni, ndipo aliyense akhale ndi pepala lake. Kulemba mtengo n'kofunika chifukwa nsalu zambiri ndi zipangizo zopangira siponji zimachokera kunja, ndipo mitengo yake imasintha ndi mphamvu ya kwacha, monga tinaonera mu Novembala 2023 pamene kwacha inatsitsidwa mphamvu ndi 44 peresenti. Musapereke ndalama yonse poyamba. Perekani gawo logulira matabwa, gawo lina mutaona felemu, lotsala pa tsiku lotenga mutachita mayeso aja. Pogula m'sitolo, tengani lisiti ndipo funsani kuti akonza kapena kusintha mpando ukaonongeka m'miyezi ingati. Dziko lathu lili ndi lamulo loteteza ogula la m'chaka cha 2003, ndipo bungwe la Competition and Fair Trading Commission limalandira madandaulo a ogula, koma dandaulo lopanda lisiti kapena pepala la mgwirizano limavuta kulitsatira.

Njira ina yodziwira mmisiri wabwino siifuna ndalama. Pitani kunyumba imene anapangira mipando zaka zitatu kapena zinayi zapitazo, mukaone mmene ilili lero, mukafunsenso eni ake ngati anasunga tsiku limene analonjeza. Safunsa anadya phula.

Mwachidule

Yezani chipinda ndi khomo musanachoke panyumba. Khalani pampando, muugwedeze, muunyamule mwendo, muone pansi pake. Funsani mtundu wa matabwa, kuuma kwake ndi kumene achokera. Nyamulani khushoni muone kulemera kwake. Sankhani nsalu yochapika ndi miyendo yotalika. Lembani mgwirizano, ndipo gulani ndi ndalama imene yatsala zofunika zina zitapatulidwa. Mpando ukafika, muzitembenuza makhushoni sabata iliyonse, muzisesa pansi pake, ndipo posuntha muzinyamula, osakoka.

Mafunso okambirana m'magulu

Pamsonkhano wa komiti ya chitukuko ya m'mudzi, wa banki m'khonde kapena wa kalabu ya alimi, kambiranani mafunso awa.

1. Mwa mipando imene munaona itaonongeka msanga m'mudzi mwanu, chinayamba kuonongeka n'chiyani: matabwa, siponji kapena nsalu? Kodi wogula akanachizindikira bwanji asanalipire?

2. Yezani pabalaza panu ndi khomo lanu. Kodi pangakwane mipando ingati, njira yodutsa itatsala?

3. Ndi amisiri ati a m'dera lino amene amalola wogula kuona felemu isanakutidwe, ndipo matabwa awo amawapeza kuti?

4. Kodi gulu lanu la banki m'khonde likuona bwanji nkhani yobwereketsa ndalama zogulira katundu wa m'nyumba amene sabweretsa phindu?

5. Ndi mitengo iti ya matabwa imene mabanja a kuno angabzale chaka chino, kuti ana athu adzapeze matabwa popanda kukwera phiri ndi nkhwangwa?